Nthochi Yomwe Inalandira Mendulo Yanga

Ndani wati ndilibe mendulo? Iwe wa chipewa chofiira, ndakumva, usayang'ane kumsewu ngati ukuwerenga maminibasi. Wati msilikali wanji wopuma ntchito wopanda kanthu pachifuwa. Chabwino. Imikani njinga zanu za kabazazo, makasitomala sathawa, Golomoti yonse yabisala dzuwa pano. Khalani pansi ndikuuzeni kumene kuli mendulo ya Kopolo Lufeyo, ndipo wofuna kunditsutsa adikire ndimalize, chifukwa ine munthu akandidula mawu ndimayambiranso poyamba.

Ine kwathu ndi kumtunda, kumapiri a Dedza, kuno ndinabwera chikamwini. Ndinakwatira Esinati, mwana wa a Nachisale, m'mudzi uwo uli kuseri kwa msika. Apongozi angawo, chikwatirire mwana wawo, nkhope yawo ndinali ndisanaione. Inu a masiku ano mumadyera mbale imodzi ndi apongozi n'kumajambulana pa foni, ife sizinali choncho. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire mbali iyi, ine mbali iyo, moni n'kupatsana titafulatirana, aliyense akuyankhula ndi mtengo wake. Ndinkawazindikira ndi chitenje ndi katsokomoledwe basi.

Mwana wamwamuna anali naye mmodzi yekha, mlamu wanga Yotamu, ndipo Yotamuyo analibe ntchito ina koma madzi. Mlatho ukaduka ndiye ankawolotsa katundu wa anthu, atasenza pamutu, akusambira ndi miyendo yokha, pakamwa pali mluzu. Ankandiseka kuti ife a kumapiri timamira m'beseni. Ndinkangomuyang'ana, chifukwa mlamu sumumenya.

Ndiye kunabwera chaka cha madzi aakulu chija, mtsinje wa Livulezi n'kunyamula mlatho, gulu lathu la asilikali n'kutumizidwa kuno kudzamanga wina wachitsulo wongoyembekezera. Mukumva? Madzi a tsiku limenelo sanali kuyenda chogona ngati madzi ena onse, anali ataimirira, akubwera kuchokera kuphiri ali chilili, ndipo ndinaona ndi maso angawa okala yathunthu ikudutsa mwini wake ali m'kati akuperekabe sopo kwa mayi wina amene ankamutsatira atakwera chitseko, pambuyo pake khola la mbuzi, mbuzizo zikubzikula ngati palibe chachitika, pambuyo pakenso mtengo wa mlambe mizu ili m'mwamba, anyani atakhala pamizupo akutibayibitsa. Kaputeni wathu anatilamula kuti aliyense aime kutali ndi gombe.

Koma Yotamu ndani angamuuze? Anafika atanyamula njinga ya mphunzitsi wina amene ankaifuna kutsidya. Apongozi anali atakhala pansi pa mtengo wa mtondo, atandifulatira monga mwa nthawi zonse, akumudandaulira kuti asalowe, lero lokha amvere. Iye anangoseka, njinga pamutu, m'madzi chubwi. Anasambira bwino ndithu mpaka pakati, ndimupatse zake, ndiye mlambe uja unatembenuka n'kumuphimba. Chimene tinamva ndi belu la njinga lokha likulira pansi pa madzi, ngrii, ngrii, likupita kumunsi.

Zina zonse zimene ndikuuzeni mutsutse ngati mukufuna, koma kulira kumene analira apongozi anga pamenepo ndimakumvabe mpaka lero. Anaimirira, manja kumutu, ndipo ngakhale pamenepo sanandiyang'ane. Anayang'ana mtondo uja n'kuufunsa kuti, "Kodi pano palibe mwamuna?"

Ine mtondo sindinaudikire kuti uyankhe. Mfuti ndinaponyera mnzanga, Kaputeni akukuwa kuti bwerera, ine n'kudumpha ndi yunifolomu yonse, lamba, chipewa ndi jombo. Kusambira sindinkadziwa, zimenezo sindibisa, koma ndani anakuuzani kuti ndinkafuna kusambira? Jombo za usilikali n'zolemera, zinanditsitsa mpaka pansi penipeni pa mtsinje, ndipo n'zimene ndinkafuna, chifukwa msilikali akaponda pansi ndiye wafika kwawo. Ndinakonza chipewa n'kuyamba kuguba, lefuti, raiti, lefuti, raiti, miyala yaikulu ngati nkhokwe ikugubuduka kundidutsa, ine ndikuipatuka, khutu lili ku belu lija.

Ndinamupeza atakodwa m'mizu, maso ali tong'o, masaya atatupa, njinga ataikumbatira osafuna kuisiya. Katswiri wosambira uja! Mpweya unali utamuthera, wanganso unali pafupi. Mukumva? Apa ndiye mumve nzeru za kumapiri, inu amene mumakhalira njinga tsiku lonse osadziwa chimene mwakhalira. Ndinasolola machubu onse awiri m'matayala osawaphwetsa, ndi chala chimodzi, ichi chopindikachi, cha kutsogolo n'kumukoleka Yotamu m'khosi valavu ili pakamwa, cha kumbuyo n'kudzikoleka ndekha, tonse n'kumayamwa mpweya pang'onopang'ono ngati ana akuyamwa mabele. Mpweya wa mphunzitsi uja unkanunkha choko, koma tinapuma.

Kubwerera kumtunda sikukanatheka, madzi ankakankha kwambiri. Ndiye ndinamukhazika pa kaliyala, n'kumumanga ndi lamba wanga m'chiuno mwangamu, ine pa chishalo, n'kuyamba kupalasa kulowera kunyanja pa malimu okhaokha. Inu mumadandaula mchenga wa ku Mtakataka kuti umalemetsa njinga, munayamba mwapalasapo pansi pa Livulezi mutanyamula mlamu? Kabaza woyamba m'dera lino ndine, ndipo ndinayambira kovuta.

Tili pafupi ndi mathiriro a mtsinje tinapeza ng'ona itapingasa njira, yaitali kuchokera pano mpaka pa chigayo paja. Ndinaimba belu, osasuntha. Ndinaimbanso, iyo n'kutsegula kukamwa kulunjika mwendo wa Yotamu. Ndinati ayi, mwendo umenewu uli ndi mayi ake, ukafuna luma uwu, n'kuipatsa jombo yanga ya kumanja phazi lili momwemo. Inaluma kamodzi kokha, mano onse waa, kuyoyoka ngati chimanga chokonola. Kafunseni asodzi a kumunsiko ngati sadziwa ng'ona yopanda mano imene imadikirira mango akupsa pansi pa mtengo. Imandidziwa, ikandiona imatembenuka.

Titalowa m'nyanja m'pamene zinthu zinavuta. Pansi pa nyanja palibe chikwangwani, paliponse mpofanana, ndipo kuli zitunda zoposa Khwekhwerere, msewu wokhotakhota uja wokwera ku Dedza, moti ndinkapalasa choimirira, thukuta likutuluka m'madzi momwemo, nsomba za kampango zikundipatukira. Kenako ndinamva lamba akundikoka. Kucheuka, chubu cha Yotamu chaphwa, chifukwa munthu wamantha amapuma kwambiri, mutu wake ukugwera kumbali. Changa chinali chikadali ndi mpweya. Sindinaganize kawiri, ndinavula n'kumulumitsa valavu, ine n'kutsala wopanda kanthu.

Mukufunsa kuti ndinkapuma chiyani? Mvuu. Inali kutsogolo kwathu ikuyenda pansi, ikutulutsa thovu, ine ndili pambuyo pake ndikumeza thovulo limodzilimodzi. Lochokera kumphuno, iwe, ndati kumphuno, ukuseka chiyani? Ndinaitsatira choncho mpaka inatopa n'kukhala pansi, ine n'kuidutsa.

Kenako njinga inangoima yokha, tcheni chikuzungulira koma osapita, ndipo tinayamba kukokedwa chammbali pamodzi ndi chambo ndi utaka. Tinali talowa m'khoka. Asodzi a kutsidya, ku Nankumba, ankakoka akuimba, akusangalala kuti lero agwira chinsomba cha chaka, ndiye ataona m'khokamo mukutuluka msilikali wovala chipewa ali pa njinga, kumbuyo atanyamula munthu, anasiya zingwe n'kuthawa mpaka ena anakwera migwalangwa yopanda nthambi. Anatsala mkulu mmodzi wa ndevu zoyera ndi kofia kumutu, amene anangoti, "Subuhanallah," n'kukhala pansi pamchenga.

Apa musaseke. Nditamasula lamba, Yotamu anagwa ngati thumba. Milomo yotuwa, maso otseka, chubu chachiwiri chija chili lende pachifuwa chopanda kanthu. Ndinamuitana, zii. Ndinamumenya mbama, zii. Ine amene sindinaope ng'ona ndinachita mantha pamenepo, mantha enieni, chifukwa ndinaona njira yobwerera kumudzi ndili ndekha, ndinaona mtondo uja, n'kudzifunsa kuti ndikaima kuseri kwa mtengo uti pokawauza apongozi kuti mwana wawo mmodzi yekhayo ndamusiya kutsidya.

Mkulu uja anandithandiza kumutembenuza, ine n'kugwada n'kuyamba kumukanikiza pamimba monga anatiphunzitsira ku kampu. Madzi anayamba kutuluka. Mukumva? Anatuluka mpaka mabwato amene anali pamtunda anayandama, anatuluka mpaka nyanja inabwerera pamene inalekezera chaka chatha, pambuyo pa madzi kunatuluka usipa, amayi n'kubwera ndi mabeseni kudzawola, n'kuyanika matandala onse a pagombepo kudzaza, pambuyo pa usipa kunatuluka nkhanu ziwiri ndi sopo uja wa mu okala. Ine osaleka, ndikukanikiza, ndikumutukwana, ndikupemphera, zonse pakamodzi. Ndiye anatsokomola. Anatsokomola mofanana ndendende ndi mayi ake, n'kutsegula diso limodzi.

"Alamu," anatero, "njinga ya eni ake ili kuti?"

Ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana, pamaso pa amayi a usipa onse aja, ndipo sindichita nazo manyazi. Njinga yomweyo ndinafuna kumumenya nayo, koma manja analibe mphamvu.

Kuuza anthu kumudzi kuti tili moyo kunalibe njira. Foni yanga inali itamwa madzi mpaka ikaitana inkangotulutsa thovu, ndipo mphepo inali itagwetsa nsanja za netiweki dera lonselo. Asodzi aja anatisunga mpaka Yotamu anayamba kuima, kenako tinauyamba wapansi kuzungulira madambo a Bwanje, misewu yonse itaduka, ine ndikukankha njinga, iye ali pa kaliyala ngati mkwatibwi. Masiku sindinawerenge, ndinkangoona ndevu zikukula.

Tikulowa m'mudzi mwathu dzuwa lili pamutu tinapeza masamba atayalidwa pamsewu. Mukudziwa inu, pa masamba a maliro munthu amatsika njinga. Yotamu anatsika, ine ndinavula chipewa. M'mudzi muli zii, nkhuku zokha. Kuyang'ana bwino, mabenchi a maliro ali pakhomo pa apongozi, phulusa la moto wa pasiwa likadali lofunda. Yotamu anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Alamu, amayi. Mtima wawo uja. Ndawapha ine."

Inenso ndinkaganiza zomwezo. Kupalasa konse kuja, ng'ona, mvuu, kuti ndibweretse mwana kwa mayi amene wagona kale? Njinga tinaitaya pomwepo n'kuthamangira kumanda, kudutsa m'chimanga cha eni ake. Tili pafupi, mfuti zinalira zonse pamodzi, phuu! Ine monga msilikali ndinadzigwetsa pansi n'kumugwetsanso Yotamu, tonse n'kukwawa mpaka kuseri kwa chulu. Zinaliranso, n'kuliranso. Nditasuzumira ndinaona anzanga a ku kampu ali pamzere, mfuti kumwamba, mbendera itapindidwa, mitumbira iwiri yatsopano yogundizana, ndipo pakati pa mitumbirayo panali chitenje chimene ndinkachidziwa. Chitenjecho chinatsokomola.

Anali moyo! Apongozi anali moyo, atakhala pansi, dzanja lili pa mtumbira uwu, lina pa uwo. Yotamu anangoika nkhope m'dothi n'kumagwedezeka mapewa. Ine ndinapuma mpweya umene ndinali nditausunga chichokere pansi pa nyanja, moti chimanga cha kumbuyo kwathu chinagona.

Ndiye maliro anali a yani? Athu. Paja kuno munthu akapita ndi madzi, thupi osapezeka, sasiya manda opanda kanthu. Amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'malo mwa munthuyo kuti mzimu wake upeze pogona. Anatifunafuna mpaka kunyanja, atatopa anadula mathunthu awiri. Abale anga a kumtunda ankafuna langa likaikidwe kwathu, koma ndinamva pambuyo pake kuti apongozi anakana, anati anapitira limodzi, agone limodzi.

Kaputeni anali akumaliza mawu ake. Anati Kopolo Lufeyo anali msilikali wolimba mtima, wosaopa, wokhulupirika, zinthu zimene sanandiuzepo ndili moyo. Anati akuluakulu amukweza kukhala Sajeni, ndipo amupatsa mendulo ya kulimba mtima, imene mkazi wake wapempha kuti mwamuna wake apite nayo, ndiye aikoleka pa thupi lake asanakwirire. Ndinkamvetsera ndikugwedeza mutu, zonse zinali zoona. Kenako anati, "Anataya moyo wake poyesa kupulumutsa mlamu wake, ngakhale sanathe."

Sanathe ndani? Ine? Ndinaimirira pamwamba pa chulu, ndevu zili nyankhalala, jombo imodzi ili ndi mano a ng'ona, n'kumukweza Yotamu ndi kolala kuti onse amuone. Ndinakuwa kuti, "Bwana, nanga uyu ndi ndani?"

Mukumva? Sindinaonepo anthu akuthamanga choncho. A kwaya anadumpha mitumbira nyimbo ili pakamwa, abusa anasiya nsapato zili chiimire pamene anaima, adzukulu okumba manda anataya makasu n'kukwera mtengo umodzi onse mpaka unawerama, anzanga a mfuti aja, amuna ophunzitsidwa nkhondo, anakapezeka ku Mua. Kenako amene analimba mtima anayamba kubwerera akutiwaza dothi, paja amati mzukwa ukauwaza dothi umazimirira. Anatiwaza mpaka linafika m'mawondo, ife osazimirira. Esinati mkazi wanga anawaza lake akulira, ndipo m'dothi lakelo munali mwala, chipsera chake ndi ichi.

Munthu mmodzi yekha sanathawe ndipo sanawaze dothi. Apongozi anadzuka pang'onopang'ono, n'kuyenda mpaka pamene panali Yotamu. Anamugwira mutu, makutu, mapewa, anamununkhiza ngati khanda. Atatha anatembenukira kwa ine. Ine mwa chizolowezi ndinafulatira msanga, maso akufunafuna tchire loti ndipatukireko. Ndinangomva dzanja landigwira malaya kumbuyo, likunditembenuza. Pamaso pa mudzi wonse, pamaso pa Kaputeni amene anali akusuzumira kuseri kwa mtengo, anandigwira nkhope ndi manja awiri, apa ndi apa, manja ali ndi dothi la pamtumbira wanga. Tsiku limenelo m'pamene ndinaona nkhope ya apongozi anga. Kankhope kakang'ono, diso limodzi lotuwa, mphumi ngati wa Esinati.

"Mwana wanga," anatero, "mwadya koma?"

Ndinangopukusa mutu uli m'manja mwawo momwemo.

Za mendulo mwafunsazo zinatha chonchi. Ndinapempha kuti tifukule, akuluakulu a m'mudzi anakana. Anati imfa yalandira mathunthu ake yakhuta, tikafukula tiikumbutsa kuti tinaipusitsa. Ku kampu anati mendulo inaperekedwa kale ndipo sapereka kawiri, usajeninso unapita kwa amene anaikidwa m'manda. Ndiye ine ndinabwerera pa ntchito ndili Kopolo, mpaka kupuma ndili Kopolo, Sajeni ndi nthochi.

Ndipo inamera. Inu mukudziwa kuti thunthu lodula silimera, koma ili linamera, ndipo nthochi zonse za m'dziko muno zimawerama zikabereka, iyi yokha imaima njo, masamba ali m'mbali, mphepo iombe bwanji. Ya Yotamu ili pambali pake, yopindika, yangoyedzamira inzake. Anyani amene amaba nthochi za Sajeni amatuluka kumandako ali pamzere, mwendo umodzi. Ine ndikamadutsa panjira ya kumanda ndimaima n'kuichitira sailuti, chifukwa ndi bwana wanga, malamulo ndi malamulo. Iwe wa chipewa chofiira ukufuna kuona mendulo? Tenga khasu upite, ukawauze akuluakulu kuti ukukafukula manda, tione ngati ubwerako ndi chipewacho.

Mukuyang'ana kwa uyo akumata chubu pansi pa mtengoyo? Eya, ndi yemweyo Yotamu, imvi zimenezo. Musavutike kumufunsa, ndikuuzeni ndekha zimene anene. Anena kuti kunalibe ng'ona, kunalibe mvuu, kuti ine ndinangogwera m'madzi ngati mwala n'kumukola mwendo, tonse n'kukokoloka mpaka tinakakodwa mu ukonde wa anthu, ndipo kuti amene anagwira mnzake kolala ndi iyeyo. Wakhala akunena zimenezo chibwerere, ngakhale pa maliro enieni a mayi ake, amene anamwalira atakalamba bwino, ali m'manja mwa mwana wawo, ine nditakhala pambali pawo osafulatira.

Msiyeni aname. Ine ndikamumva akunditsutsa chonchi mtima umakhala m'malo, chifukwa kuti munthu atsutse ndiye kuti akupuma, ndipo n'zokhazo zimene mayi ake anapempha pansi pa mtondo paja. Alamu! Kwezani mawu anyamatawa akumveni bwino, musaumire mpweya. Ndi wa m'chubu changa umenewo.